VINYO WOFIIRA KWA ANTHU OZOLOWERA GREEN

Awa ndi mau amene mnzathu wina anayankhula pa mkumano wa ophunzira akale umene unachitikira pa Boma ku Mchinji. Tawasindikiza monga anawayankhulira, kupatula malonje ena amene tawadula.



A komiti anandipempha kuti ndiyankhulepo za vinyo wofiira wotsika mtengo, kamba koti ena mwa ife apempha kuti pa chisangalalo chotsekera chaka pasadzakhale makireti a mowa okhaokha. Ndikuwadziwa bwino anthu amene ndikuyankhula nawo. Ambiri muno tinakulira Carlsberg, imene fakitale yake inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa dziko la Denmark. Ndipo poti kwathu kuno n'kumalire, Mosi ya ku Chipata nayonso si mlendo pakhosi pathu. Sindinabwere kudzanyoza mowa umenewo. Amene akuganiza kuti mowa ndi vinyo n'zosiyana mtundu adziwe kuti kampani ya Castel, imene inagula gawo lalikulu la fakitale ya ku Blantyre ija mu 2016, inayamba ndi malonda a vinyo ku Bordeaux, m'dziko la France, mu 1949.

Dzina loti vinyo tinabwereka kwa Apwitikizi, amene amati vinho. Ambiri tinalimva koyamba kutchalitchi, motero tinakula tikuyesa kuti chimenechi ndi chakumwa cha azungu ndi ansembe a ku Kachebere. Koma amene simunkagona pa phunziro la Chemistry mukukumbukira kuti yisiti ikadya shuga imatulutsa mowa ndi mpweya. Basi nkhani yonse ndi imeneyo. Pofulula masese, shuga amachokera ku chimanga ndi chimera; pofulula Green amachokera ku chimera cha balere; popanga vinyo amachokera ku madzi a mphesa. Madzi a mphesa zambiri, ngakhale zakuda, ndi oyera. Kufiira kumabwera chifukwa opanga amasiya makoko a mphesazo m'madzimo pamene akuwira, ndipo makoko omwewo, pamodzi ndi njere, ndiwo amabweretsa chinthu chimene chimathamangitsa anthu ambiri a mowa pa tsiku loyamba.

Chinthucho amachitcha tanini. Munadyapo nthochi yosapsa kapena masuku aawisi? Munamwapo tiyi wa Chombe wopanda mkaka amene wagonera m'ketulo? Kuuma kuja, lilime kukhakhala ngati mwanyambita thumba la chiguduli, ndiye tanini ameneyo. Munthu wa Green amazolowera kuwawa, chifukwa mu mowa wake amathiramo maluwa owawa otchedwa hops, koma kuwawa kwa mowa kumatsika ndi madzi ozizira n'kutha. Kuuma kwa tanini kumatsalira m'kamwa. Ndiye munthu amalawa kamodzi, n'kukwinya nkhope, n'kunena kuti vinyoyu ndi woonongeka. Sanaonongeke ai. Akufuna ndiwo. Mafuta ndi mnofu wa nyama zimafewetsa tanini, n'chifukwa chake kapu yomweyo imene inakukanikani muli chimanjamanja imakoma mukaiphatikiza ndi kanyenya wa mbuzi. Ngakhale mtedza wathu wa kuno wokazinga umathandiza. Usipa ndi utaka wouma ndiye ai: ndi vinyo wa tanini wambiri m'kamwa mumamveka ngati mwaluma supuni. Tsabola wa kambuzi nayenso muchepetse, chifukwa moto wake ukakumana ndi ukali wa vinyo zimasonkhezerana.

Pa tebulo lililonse taikapo makapu atatu. Musagugudize. Yambani mwayang'ana pa nsalu yoyerayo: vinyo wabwino wa mtengo wotsika amaoneka wofiira moyera kapena wopita ku mtundu wa jambula, akaoneka wodera ngati tiyi ndiye kuti wakalamba kapena wapsa ndi dzuwa. Kenaka mupukuse kapuyo pang'ono n'kununkhiza. Izi si matama ai, ndi mphuno imene imamva kukoma kwambiri, monga mudziwa kuti munthu wachimfine nsima ya nkhuku imamukomera chimodzimodzi ndi ya nyemba zofumbwa zija tinkadya kusukulu. Mukatero mumwe pang'ono, muyendetse m'kamwa monse, mumeze, ndipo mudikire kuti mumve chimene chatsala.

Kapu yoyamba ndi ya mtundu umene pa botolo amalemba kuti Natural Sweet. Muno mwathu otchuka ndi Four Cousins wa kampani ya Van Loveren ku Robertson, 4th Street, ndi wa Robertson Winery. Awa ndi otsekemera chifukwa shuga wina wa mphesa amatsalamo, ndipo ukali wawo nthawi zambiri umakhala pakati pa 7 ndi 9 peresenti. Ndikuona ena akumwetulira kale. Ndinene maganizo anga mosabisa: vinyo uyu ndi wabwino kuyambira, ndipo alendo ambiri pa ukwati amakonda yemweyu, koma kapu yachitatu imatopetsa ngati Sobo wosasungunula bwino, ndipo pa nyama sathandiza kanthu. Anzathu odwala matenda a shuga amutalikire.

Kapu yachiwiri ndi Drostdy-Hof Claret Select, amene amapezeka m'botolo ndi m'katoni momwe. Uyu ali m'gulu la Dry. Mau amenewa asakusokonezeni: akutanthauza kuti yisiti inadya pafupifupi shuga yense. Ndi wopepuka, tanini wake ndi wochepa, ndipo ndi amene ndingamupatse munthu wa Green kapena wa Kuche Kuche. Mnzake wa msinkhu womwewo ndi Tassenberg, amene ana a m'makoleji ku South Africa akhala akumwa kwa zaka zambirimbiri chifukwa chotchipa, ndipo amangomutcha Tassies. Anzathu amene anagwirako ntchito ku Joni akumudziwa. Akudziwanso katemba, ndiye kuti vinyo wofiira wosakaniza ndi Coca-Cola, amene amamwedwa kumeneko ndi ku Mozambique. Akatswiri a vinyo amaipidwa nazo, koma vinyo wa m'katoni pa dzuwa la Okotobala, ine sindingamuimbe mlandu munthu.

Kapu yachitatu ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi ya kuno ku Africa kwenikweni. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, kuchokera ku mitengo ya mphesa yobwera nayo ku Ulaya. Koma cha m'ma 1925 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Stellenbosch, Abraham Perold, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut, imene alimi a kumeneko ankaitcha Hermitage. Mwana wake anamutcha Pinotage, kutenga theka la dzina uku ndi theka uku. A zaulimi muno akumva, n'chimodzimodzi ndi m'mene akatswiri a ku Chitedze amapezera mbeu zatsopano za chimanga. Nunkhizani. Ambiri amamvamo kafungo ka utsi, ka zipatso zakuda zakupsa, mwina ndi ka khofi wokazinga. Amene mumakonda Stout, kwanu ndi kuno, chifukwa Stout nayo imakoma ndi chimera chokazinga mpaka kuda. Shiraz alinso m'njira yomweyo, ali ndi kakununkhira ka tsabola wakuda. Amene akufuna chapakatikati afunse Merlot, amene ndi wofewa. Cabernet Sauvignon wotchipa ndiye amakonda kukhala ndi tanini waukali, musayambire pamenepo. Thumba likalola, Nederburg Baronne wa ku Paarl, wosakaniza Cabernet Sauvignon ndi Shiraz, ndi Chateau Libertas, amene wakhala akupangidwa kuyambira mu 1932, sakhumudwitsa kawirikawiri.

Wina anandifunsa panja paja kuti bwanji osangolima mphesazo kuno, pamene fodya, soya ndi mtedza zimachita bwino. Vuto ndi mvula. Ku Cape imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa pa dzuwa louma kuyambira Januwale mpaka Marichi. Miyezi imeneyo kuno ndi pakati pa dzinja, mphesa zingangoola ndi chuku. Ku Dodoma ku Tanzania, kumene n'kouma, amalima ndipo amapanga vinyo wawo. Kwathu kuno njira imene yatheka ndi ya zipatso zina: a Linga ku Lilongwe anayamba kupanga vinyo wa jambula, mabulosi, chidede ndi zina. Si wa mphesa, ndipo kakomedwe kake n'kosiyana, koma ndi wofiira ndithu, ndipo ndalama yake siituluka m'dziko. Zimenezi si zazing'ono masiku ano. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo botolo lililonse lochokera ku Cape limagulidwa ndi ndalama zakunja. Mau oti wotsika mtengo tiziwanena mosamala.

Za kagulidwe ndinene mwachidule. Vinyo wotchipa sakoma ndi kukalamba, nkhani ija yoti wakale ndiye wabwino ndi ya mabotolo odula osungidwa mozizira. Sankhani wa chaka chaposachedwa. Botolo limene laima pa windo la golosale likuombedwa ndi dzuwa lisiyeni, makamaka ngati chotsekera chatukumuka kapena pakhosi pali zomatamata. Chotsekera chopotokola si chizindikiro cha vinyo woipa. Mabotolo ambiri a ku South Africa amakhala ndi kachidindo pakhosi, ka ndondomeko ya Wine of Origin imene inayamba mu 1973, kotsimikiza kuti dera, chaka ndi mtundu wa mphesa zolembedwazo n'zoona. Botolo mukatsegula mulimalize m'masiku awiri kapena atatu, chifukwa mpweya umalisandutsa viniga. Wa m'katoni amakhala masabata angapo poti mpweya sulowa m'thumba lake, nzeru imene anaitulukira Thomas Angove wa ku Australia mu 1965, koma muyang'ane tsiku lolembedwa pa katoniyo.

Mabuku a azungu amati vinyo wofiira asalowe m'firiji. Iwo akunena za zipinda za kwawo, za madigiri 16 kapena 18. Pano pa Boma mu Okotobala timapitirira 30, ndipo vinyo wotentha choncho amangomveka ukali wokhawokha ngati kachasu. Muikeni m'firiji kwa theka la ola. Magetsi akathima, mtsuko wa madzi ozizira kapena nsalu yonyowa yokulunga botolo pamthunzi zimagwira ntchito.

Poti tili kumalire, ndikudziwa kuti ena mukapita ku Chipata, kapena pobwera ku Kulamba ku Mkaika ndi ku Ncwala ku Mtenguleni, mumafananitsa mitengo. Palibe cholakwa. Koma dzerani pa chipata cha Mwami, chimene kuyambira mu December 2022 maofesi a maiko onse awiri amagwirira ntchito pamodzi, ndipo muonetse katundu wanu. Zobwera pa njinga usiku kudzera njira zachidule, simudziwa kuti zakhala masiku angati padzuwa, ngakhalenso chimene chili m'katimo. A MRA anayamba mu 2024 kumata masitampa a msonkho otchedwa Kalondola pa zakumwa zoledzeretsa. Bungwe ngati lathu, lokhala ndi aphunzitsi, apolisi ndi abusa momwe, lisadzapezeke likugawa pa phwando katundu wozembetsa.

Tsopano nkhani imene yandichititsa kuvomera kuima pano. Tonse takula. Ena dokotala anatiuza kale za BP ndi shuga, ndipo ndamva anzathu akuti asiya mowa, ayamba vinyo wofiira poti ndi mankhwala a mtima ndipo amaonjezera magazi. Za magazizo ndi kufiira chabe kumene kumatinyenga, mankhwala a kuchepa kwa magazi ali kuchipatala ndi m'zakudya. Za mtimazo zinatchuka mu 1991, pamene pulogalamu ya 60 Minutes pa wailesi yakanema ku America inafalitsa maganizo oti Afalansa sadwala mtima kwambiri chifukwa cha vinyo. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti mawerengedwe aja anali ndi zolakwika, mwa zina chifukwa m'gulu la osamwa ankawerengeramo anthu amene anasiya mowa atadwala kale. Mu January 2023 bungwe la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosaopsa ku thanzi, ndipo silinapatule vinyo.

Tiyeni tichite samu, aphunzitsi athu alipo atikonze. Botolo la mowa la mamililita 330, la ukali wa pafupifupi 5 peresenti, lili ndi mamililita 16 ndi theka a mowa weniweni. Botolo la vinyo la mamililita 750, la 13.5 peresenti, lili ndi oposa 100. Ndiye kuti botolo limodzi la Pinotage likufanana ndi ma Green asanu ndi imodzi. Katoni ya malita 5 ya 13 peresenti ikuyandikira mabotolo 40 a mowa, makireti awiri. Choopsa n'chakuti dzanja la munthu wa mowa linazolowera kukweza kapu pafupipafupi, ndipo vinyo alibe thovu kapena mpweya wokhutitsa mimba kuti akuchenjezeni. Munthu amadzaza tambula ya mowa ndi vinyo, n'kumwa atatu, n'kumati ndamwa atatu okha, pamene wamaliza botolo lonse ndi kupitirira. Kenaka akwere galimoto pa mseu wa M12 usiku, makilomita oposa 100 kukafika ku Lilongwe, kudutsa pa Kamwendo ndi pa Namitete pamene njinga za kabaza ndi ngolo zopanda nyale zili mbwee. Botolo limodzi ndi la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, kapu imodzi aliyense, ndipo pa tebulo pakhale jagi ya madzi.

Choncho, Wapampando, pempho langa ku komiti ndi ili. Pa chisangalalo chathu tigule makatoni ochepa a Claret Select, mabotolo angapo a Natural Sweet a amene sakonda zowawasa, ndi Pinotage kapena Shiraz botolo limodzi pa tebulo, lotsegulidwa nyama ikafika osati isanafike. Tiikeponso la Linga limodzi kapena awiri kuti anthu alawe za kwathu. Makapu akhale aang'ono, ndipo pakhale munthu wothira, katoni isaikidwe pa tebulo. Green ndi Fanta zikhalepo monga mwa nthawi zonse. Ndipo pa ndalama zimene tasonkha, msungichuma ayambe wapatula ya minibasi yokatula anzathu a ku Lilongwe ndi a ku Mkanda, yotsalayo ndiye tigulire vinyo.

Amene ali ndi mafunso andipeze pa tebulo la pakhomo paja.