SINGANO NAYONSO ILEMBA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

M'masukulu ambiri a m'midzi phunziro la kusoka liri ndi malire odziwika. Mwana aphunzira kupinda nsaru m'mphepete, kuika batani ndi kutseka cibowo ndi cigamba. Akatha izi, mphunzitsi ayesa kuti nchito yatha. Zonsezi nzofunika ndithu, pakuti malaya ang'ambika masiku onse. Koma singano iri ndi nchito yinanso imene sukulu siikumbukira kawirikawiri: ikhoza kusimba nkhani monga cicita colembera.

Umboni wace ndiwo Mai Billie Zangewa, amene anabadwira ku Blantyre m'caka ca 1973, nakulira ku Botswana. Iwo anaphunzira luso la kudinda zithunzi pa Rhodes University ku South Africa, koma cimene cinawachukitsa ndi nsaru ya silika. M'caka ca 2004 analandira mphotho ya Gerard Sekoto cifukwa ca zikwama zitatu zimene anasokapo mzinda wa Johannesburg. M'caka ca 2021 nyumba yosungira zaluso ya Museum of the African Diaspora ku San Francisco inaonetsa nchito zao.

Kacitidwe kao nkosabisika. Poyamba ajambula pa pepala cimene afuna kuonetsa. Kenaka adula tizidutswa ta silika ta mitundu-mitundu, kena ka tsaya, kena ka mthunzi wa pakhosi, nakatiyala pa nsaru yaikuru, natigwiriza ndi mapini, natisoka ndi manja kamodzikamodzi. Popeza silika anyezimira, cithunzico cisintha maonekedwe munthu akasendera mbali yina. M'mphepete mwace nthawi zambiri asiyamo mosalingana, ulusi uli lendelende.

Nanga asoka ciani? Si mafumu kapena nkhondo ai, koma za tsiku ndi tsiku: mkazi ali kuwerenga buku, mwana ali gone, mai ali m'khichini. Cithunzi ca m'caka ca 2020, cochedwa Soldier of Love, ndiko kunena msilikali wa cikondi, cionetsa iwo eni ali kuperekeza mwana wao kusukulu. Nchito imene amai aicita m'mawa uliwonse popanda woyamika, pano yapacikidwa pa khoma kuti anthu aime ndi kuiyang'ana.

Tsono mphunzitsi wa kumudzi asanene kuti alibe silika. Pansi pa makina a telala pagwa zidutswa za citenje zimene zingosesedwa. Thumba lakale la ufa likacapidwa likhala poyalapo pabwino. Minga ikhoza kulowa m'malo mwa mapini. Cosowa cacikuru si zipangizo, koma cilolezo. Mwana akadula nsaru yofiira kuti ikhale dzuwa lolowa kuseri kwa nkhokwe, mphunzitsi wosadekha amdzudzula kuti waononga cigamba, ndipo mwanayo sadzayesanso. Akuru anati m'mera mpoyamba.

Cifukwa cace nkwabwino kuti kamodzi pa teremu mphunzitsi aleke kuwapatsa ana citsanzo cakuti atsanzire. Awauze kuti yense ajambule cimene anaona kwao dzulo, monga agogo ali kupeta kapena mbuzi iri pacingwe, ndipo acisoke. Anyamata asatumidwe kumunda wa sukulu pa nthawiyo. Singano siisankha dzanja. Poonkhetsa malikisi, mphunzitsi ayang'ane kulimba kwa msoko monga mwa masiku onse, koma afunsenso mwanayo kuti, "Ici usimba nciani?" Ndipo adikire yankho.