Mboni Imene Tiikhulupira Koposa, Ndiyo Diso

Pa bwalo la mirandu timva kawiri-kawiri munthu alikunena, "Ndinaona ndi maso anga," ndipo mau amenewo atseka pakamwa pa onse. Lero tiyeni tiiyese mboni imeneyi, tione ngati inena zoona masiku onse.

Poyamba taonani mwezi. Poturuka uli wathunthu kuseri kwa mitengo, uoneka waukuru ngati licero. Ukafika pamutu, uoneka wamng'ono. Koma tambasulani dzanja, muuyese ndi nsonga ya cala, kamodzi madzulo, kamodzi pakati pa usiku. Mudzapeza muyeso wace uli umodzimodzi. Mwezi sunacepe ai. Ibn al-Haytham, amene analemba buku lace la kupenya ku Cairo pakati pa 1011 ndi 1021, anaphunzitsa kuti cinyengo cimeneci ciri mwa wopenyayo.

Caciwiri ciri m'kati mwa diso momwemo. Kumbuyo kwace kuli kansaru kopyapyala kolandira kuwala. Koma pa malo pamene mtsempha uturukira kunka ku ubongo, palibe colandirira kuwala konse. Edme Mariotte wa ku France analengeza ici m'caka ca 1668. Lembani pa pepala mtanda kumanzere ndi kadontho kumanja, zotalikirana ngati kutambalala kwa cikhato. Tsinzinani diso lamanzere, muyang'anitse mtandawo ndi lamanja, nimusendeze pepalalo pang'ono-pang'ono. Padzafika pamene kadonthoko kadzasowa. Ndipo cozizwitsa ndi ici, kuti simudzaona dzenje pamenepo, koma pepala loyera lokha. Ubongo wadzaza mpatawo ndi zimene ziuzinga, osatiuza.

Cacitatu anacilemba Robert Addams m'caka ca 1834. Iyeyu anayang'anitsa madzi akugwa pa mathithi a Foyers ku Scotland, natembenuzira maso ku matanthwe a pambali. Ndipo taonani, matanthwewo anaoneka ngati alikukwera. Pakuti tizigawo ta ubongo tozindikira kuyenda kotsika tinali titalefuka, ndipo tozindikira kokwera tinapambana kanthawi. Yense angathe kuyesa ici pa mtsinje wothamanga.

Tsono tiphunzirapo ciani? Diso lilandira kuwala kokha. Ubongo ndiwo umanga cithunzi, nuyerekeza, nudzaza mipata monga unazolowera. Nchito imeneyi itithandiza ndithu, pakuti popanda iyo tikadacedwa kuzindikira njoka m'njira kapena nkhope ya mwana wathu. Koma pa cisisira, patali, ndi pamene mtima uli ndi mantha kapena mkwiyo, ubongo udzaza mpata ndi cimene tinali kuyembekeza. Munthu aona mthunzi pa nkhokwe usiku, naupatsa nkhope ya mnansi amene anakangana naye dzana. Sananame dala; komatu wosalakwa alipa mbuzi, kapena alowa m'ndende, ndi ana ace asenza manyazi.

Cifukwa cace, abale, tikaitanidwa kucita umboni, tidzifunse tokha: Kodi kunali kowala motani? Tinaima patali bwanji? Tinapenya nthawi yaitali kodi, kapena kamphindi? Cimene tinaciona ticinene; cimene tinangociyesa ticiche kuyesa. Ndipo inu akuru oweruza mirandu, musafulumire kumanga munthu pa diso la mmodzi. Funani mboni yaciwiri. Amene waona kadontho kalikusowa pa pepala m'dzanja lace lomwe sadzacita manyazi kunena, "Kapena ndinalakwa."