MADZI A KUMTUNDA NDI MUNDA WA KUMUNSI

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi, kwa alimi ndi mafumu a kwa Nkhulambe

Lero ndifuna kulankhula makamaka ndi inu a kwa Mfumu Yaikulu Nkhulambe m'boma la Phalombe, inu amene midzi yanu ili patsinde pa phiri la Mulanje, kufupi ndi malire a Mozambique. Koma enanso a m'madera a mapiri tcherani khutu, pakuti mawuwa akukhudzani inunso.

Ino ndi nyengo ya chilimwe. Chimanga chili m'nyumba, nandolo akucha m'minda, anyamata ali kalikiliki kuumba njerwa, ndipo mbuzi zayamba kumasulidwa. Ndiyonso nyengo imene anyakwawa amaweruza milandu imene inadikira kuti anthu akolole. Mwa milanduyo ulipo umodzi wosasowa chaka ndi chaka. Munthu amabwera pabwalo nati, "Mfumu, mnzangayu anatsegulira madzi a m'munda mwake kwa ine, ndipo andikokololera mbewu." Winayo nayankha, "Nanga madziwo ndikanawasunga kuti? Inenso anachokera kwa wa kumtunda kwanga." Onse awiri akunena zoona. Madzi sadziwa malire a munda. Chifukwa chake ntchito yogwira madzi ndi nthaka siingathe ndi khasu la munthu mmodzi. Ifunika mudzi wonse, mfumu ili patsogolo.

MVULA ZILIPO ZIWIRI

Poyamba tisiyanitse mvula ziwiri, kuti tisanamizane.

Ilipo mvula ya napolo. Akuluakulu amakumbukira Marichi wa 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Tonse tikumbukira Marichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anafika. A zanyengo anayeza mvula yoposa mamilimita 1,000 kwa Nkhulambe m'masiku 4 okha. Kuti mumvetse kuchuluka kwake, pa ekala imodzi yokha panagwa madzi odzaza migolo 20,000 ya malita 200. Chipatala cha Nkhulambe chinaonongeka, misewu inaduka, minda yambiri inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Mvula yotere palibe mzere kapena udzu umene ungaiimitse. Mankhwala ake ndi kuchoka panjira pake nthawi ikadalipo.

Koma ilipo mvula ina, ya chaka chilichonse, imene timaipempherera. Imeneyinso imaba, koma imaba mwakachetechete. Mukaona madzi otuluka m'munda mwanu ali ofiira, dziwani kuti chajambulacho ndi nthaka yanu ya pamwamba, pamodzi ndi manyowa ndi feteleza amene munagula ndi ndalama zovuta kupeza. Mvula imeneyi tingathe kuigwira, ndipo nthawi yokonzekera ndi ino, nthaka isananyowe.

TIYAMBIRE KUMTUNDA

Agogo athu amanena za malimidwe a m'zaka za m'ma 1950. Masiku amenewo boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunda mizere ndi milambala, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa kumene. Anthu anaida ntchitoyo chifukwa inabwera ndi mantha. Lero palibe mesenjala amene adzakulondolani kumunda. Chimene ndikupempha ndi pangano la inu eni ake, lopangidwa pabwalo la mfumu yanu.

Pangano loyamba likhale ili: ntchito iyambe ndi munda wa kumtunda kwenikweni, ndi kumatsika munda ndi munda. Wa kumunsi akakonza munda wake yekha, madzi a anzake 5 a kumtunda adzafika pamodzi ndi kuphwasula zonse usiku umodzi. Iyeyo adzataya mtima, nadzauza anzake kuti alangizi anamunamiza.

Pokonza munda, choyamba ndi akalozera. Kalozera ndi mzere waukulu wodutsa mopingasa chitunda, woyezedwa bwino kuti mbali ina isatsike kuposa inzake. Choyezera chake mungapange nokha osagula kanthu. Dulani mitengo 2 yowongoka, yofanana, yotalika mamita 2, ndipo muimange pamodzi kumutu. Pingasani mtengo wachitatu pakati kuti chioneke ngati chilembo cha A. Kumutu kuja mangani chingwe, ndipo kunsi kwa chingwecho mangani mwala wolendewera kupitirira mtengo wopingasa uja. Chiimikeni pansi ndi kulemba pamene chingwe chakhudza. Kenaka sinthanitsani miyendo, uwu upite pamene panali unzake, ndi kulembanso. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizo ndipo pa mulingo wanu.

Tsopano yendani nacho mopingasa munda. Sunthani mwendo wa kutsogolo kufikira chingwe chitagwera pa mulingo, ndipo khomani chikhomo pamenepo. Mukafika kumapeto, undani kalozera motsata zikhomozo, wotalika ndi wotambalala ngati theka la mita. Pamalo potsetsereka pang'ono akalozera atalikirane mamita 15 kapena 20. Potsetsereka kwambiri ayandikane, mamita 5 kufikira 10. Anthu 3 akhoza kuyeza minda ingapo tsiku limodzi, ndipo mlangizi wanu ali wokonzeka kuwaphunzitsa.

Mizere yonse ya mbewu itsate akalozerawo, motalikirana masentimita 75. Pakati pa mizere ikani timizere topingasa pa mamita 2 alionse, kuti madzi aime m'timabokosi ndi kulowa pansi. Koma inu a kudambo, kumene madzi amadikha kale, musatseke mizere yanu, chifukwa mbewu zingamire.

Mvula ikakhazikika, bzalani udzu wa vetiva m'mbali mwa kalozera, phata ndi phata motalikirana ngati chikhatho chimodzi. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, ndipo ukakula umasefa madzi, dothi n'kutsala. Mudzi uliwonse ukhale ndi nazale yake ya vetiva pafupi ndi madzi, kuti mbewu isasowe.

NJIRA, ZIGWEMBE NDI MITSINJE

Pali malo ena amene alibe mwini, ndipo ndiwo amayamba kuonongeka. Kanjira kopita kumjigo, kanjira ka pamalire a minda, njira ya kumanda: anthu akamapondapo pamakumbika, madzi napeza podzera. Chaka chino ndi kangalande koti mwana adumpha. Zaka 3 zikatha ndi chigwembe choti ng'ombe igweramo. Kwezani tinjira timeneti ndi dothi kuti tikhale pamwamba pa mizere. M'chigwembe chimene chayamba kale, khomani zikhomo mopingasa, lukani nthambi, ndi kusanja miyala, kuyambira kumutu kwake. Pakati pa tchingalo pakhale potsikirapo, kuti madzi adutse pamenepo osaboola m'mbali. Miyala imene Freddy anatisiyira m'minda ndi yambiri. Tiyeni tiigwiritse ntchito imeneyi.

M'mbali mwa mtsinje siyani mamita osachepera 15 osalima, osaumbapo njerwa. Bzalanipo nsungwi, bango, mikuyu ndi mibawa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, choncho mbande ziyenera kufesedwa m'chilimwe muno. Ndidziwa kuti dimba la m'mphepete mwa mtsinje ndilo limapatsa ndiwo ndi ndalama ya sopo. Koma gombe likagumuka, dimba lomwelo ndilo limayamba kupita.

Kunena za phiri, mitengo ndi udzu wa kumeneko ndizo zimachedwetsa madzi asanafike kwa ife. Wootcha makala kumtunda amalandira ndalama yekha, koma madzi ake amatsikira mudzi wonse. Chimodzimodzi mwana wotentha tchire pofuna mbewa. Mapesi amene akanaphimba nthaka ndi kusanduka manyowa amapsa, nthaka n'kutsala yambee pamene mvula yoyamba ikufika.

MINDA YA MCHENGA

Ena mwa inu minda yanu ikadali ndi mchenga wa 2023. Musaitaye. Pamene mchenga uli wochepa, kumbani maenje kufikira mutapeza dothi lakale, thiranimo manyowa owola bwino, ndi kubzala m'menemo. Nandolo ali ndi muzu wautali wotha kufika pansi, ndipo masamba ake akayoyoka amabwezera chonde. Mbatata ndi chinangwa zimapirira pa nthaka yotere kuposa chimanga. Kalongonda, amene makolo athu Achilhomwe anamusunga kuyambira kale, amayanga ndi kuphimba nthaka bwino lomwe. Nthaka yotere siichira chaka chimodzi, koma manyowa a chaka ndi chaka amaidzutsa. Apa mpamene mbuzi zifunika khola, kuti ndowe zake zipite kumunda, ndiponso kuti zisadye nandolo ndi mbande za anzanu.

ZA NAPOLO

Ndibwerere ku mvula yoyamba ija. Akale anati madzi saiwala khwawa. Pamene panadutsa miyala mu 1991 kapena mu 2023 ndi njira ya madzi, ngakhale lero paoneke pouma ndi pokongola. Inu mafumu, pogawa malo omangapo nyumba, musapereke pamenepo, ngakhale wopemphayo akhale mphwanu.

Mu nyengo ya dzinja mverani wailesi tsiku ndi tsiku. A Nthambi ya Zanyengo amachenjeza masiku angapo namondwe asanafike. Amene wamva auze anzake, pakuti si nyumba zonse zili ndi wailesi kapena foni. Phiri nalonso limachenjeza. Mukaona ming'alu yatsopano pachitunda, mitengo ikupendekeka, akasupe akutumphuka pamene panalibe, kapena mtsinje waphwa mwadzidzidzi mvula ili mkati, kapena mukamva kugunda kosalekeza kumtunda, thawani nthawi yomweyo. Musathawe motsata mtsinje. Patukani cham'mbali, kupita pamalo okwera. Katundu adzapezeka wina, moyo ayi.

Mudzi uliwonse ugwirizane tsopano za malo othawirako, njira yopitira kumeneko, ndi chizindikiro chodzutsira anthu usiku, kaya ndi ng'oma, belu la tchalitchi kapena wenzulo. Nkhalamba iliyonse, wolumala aliyense ndi mayi woyembekezera akhale ndi mnyamata wodziwika dzina amene adzathamangira kwa iye. Komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ikumane mvula isanayambe, osadikira kuti ikumane pamaliro.

PEMPHO KWA MAFUMU

Inu mafumu ndi anyakwawa, pakagwa maliro m'mudzi simuvutika kupeza anthu. Adzukulu amakumba manda, amayi amatunga madzi, wina amabwera ndi ufa, wina nkhuni, popanda wolipidwa. Mphamvu yomweyo ndiyo ndikuipempha. Nazi ntchito 5 zoti muyambe nazo:

1. Itanani msonkhano mwezi uno, ndipo muyende ndi anthu anu kuchokera kumtunda kufikira kumtsinje, kuona pamene madzi amadzera.

2. Sankhani anthu 3, amuna ndi akazi, oti aphunzire kuyeza akalozera.

3. Patulani tsiku limodzi pa sabata la ntchito ya mudzi: tinjira, zigwembe ndi nazale. Minda ya amasiye ndi nkhalamba ikonzedwe tsiku lomwelo, chifukwa munda umodzi wotsala pakati umaononga ya kumunsi yonse.

4. Ikani malamulo a m'mudzi pa za moto wa tchire, mbuzi zolekerera ndi kulima m'gombe. Anthu awapange okha pabwalo, ndipo agwire aliyense mofanana, kuyambira kubanja la mfumu.

5. Akalozera onse athe pofika kumapeto a Okutobala, mvula isanagwe.

Munda wa mfumu ukhale woyamba kuyezedwa. Anthu amatsata chimene aona ndi maso kuposa chimene amva ndi makutu. Ndipo mlandu wa madzi uja ukadzafikanso pabwalo, musangolipitsa nkhuku ndi kubalalika. Nyamukani nonse, wodandaula ndi wodandaulidwa, mukaone kumene madziwo anayambira, ndi kukonza kumeneko.

Amene afuna thandizo pa kuyeza, pa mbewu ya vetiva kapena pa kapangidwe ka manyowa, afike ku ofesi ya zaulimi ya Nkhulambe, kapena atume mawu kwa mlangizi wa dera lake kudzera mwa nyakwawa. Uphungu umenewu ndi waulere.

Sabata ya mawa, nthawi yomweyino, tidzakambirana za kasungidwe ka nandolo kuti asafumbwe. Tsalani bwino.