Phwando la Pansi pa Mitengo ya Maluwa ku Japan

Madzulo ano tikambe za phwando lina la anthu a ku Japan, popeza m'menemo muli nzeru yothandiza munthu wofuna kuitana anzace osagwa m'ngongole.

Ku Japan kuli mtengo dzina lace sakura. Nyengo yozizira ikapita, kumapeto kwa March ndi kuciyambi kwa April, mtengowu ucita maluwa oyera ofiirira pang'ono, masamba asanaturuke. Koma sakhalitsa ai: akaphuka onse, apita masiku ngati 7 ndipo ayamba kuyoyoka. Cifukwa cace anthu sazengereza. Asonkhana pansi pa mitengoyo kudya ndi kuceza, ndipo mwambowu aucha hanami, ndiko kuti kuona maluwa.

Poyamba linali phwando la akulu okha. M'caka ca 812 mfumu Saga inacita phwando lotere m'munda wa Shinsen-en ku Kyoto. M'caka ca 1598 Toyotomi Hideyoshi, wolamulira dzikolo, anabzalitsa mitengo 700 pa kacisi wa Daigo-ji kuti akondweretse alendo ace. Koma m'caka ca 1720 Tokugawa Yoshimune anabzalitsa mitengo pa Asukayama, m'mudzi umene lero ndiwo Tokyo, kuti anthu wamba naonso akaone maluwa.

Tsono tamverani makonzedwe ace. Ayala cokhalapo pansi monga ife tiyala mphasa, nabvula nsapato asanakhalepo. Ali yense abwera ndi cakudya cace m'kabokosi, nagawana ndi anzace. Adya timikate ta ufa wa mpunga, dzina lace dango, totungidwa titatu pa kamtengo: kofiirira, koyera ndi kobiriwira. Usiku ayatsa nyali za pepala. Kuthyola nthambi ndi cinthu camanyazi, ndipo pocoka atola zinyalala zao. Onani kuti cokometsa phwando ndi mtengo womwewo, umene sulira ndalama.

Kuno kwathu sakura tiribe, koma tiri ndi mitengo yathu. Mu August ndi September mitengo ya m'thengo ituruka masamba atsopano ofiira, ndipo mu September ndi October jakaranda acita maluwa m'miseu ya ku Lusaka ndi m'matauni a ku migodi. Ngati mufuna kucita phwando m'nyengo imeneyo, sankhani mthunzi wa mtengo wamaluwa, yalani mphasa zoyera, ndipo nsaru ndi mbale zanu zikhale za maonekedwe awiri kapena atatu okha, olingana ndi maluwawo. Banja liri lonse libwere ndi mbale imodzi ya cakudya, kuti katundu asalemere munthu mmodzi.

Ambiri a ife tataya malipiro a mwezi wathunthu pa usiku umodzi, ana nagona ndi njala mpaka tsiku lolandira. Alendo sakumbukira mtengo wa zinthu zimene munagula, akumbukira m'mene munawalandirira. Tsono maluwa akaphuka caka cino musacedwe kuitana anzanu, cifukwa mphepo siyembekeza munthu. Tsalani bwino nonse.