Gasiketi Ikapsa: Nkhani ya Injini ya Triumph Stag

Nkhani ya lero ikunena za kachipangizo kopyapyala ngati chikuto cha buku, kamene sikaoneka galimoto ikamayenda pamsewu, koma kakawonongeka kamaimitsa ulendo wonse. Amakaniki amakatcha gasiketi ya hedi. Chitsanzo chake chichokera ku galimoto yaliwiro ya ku Britain yotchedwa Triumph Stag, imene inatchuka ndi kukongola kwake ndiponso ndi kupsa kwa gasiketi.

Injini ili ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu. Pansi pali buloko, momwe muli masilinda ndi mapisitoni. Pamwamba pali mutu, kapena kuti hedi, umene umavindikira masilindawo monga chivindikiro pa mphika. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pamagona gasiketi. Pamalo amenewa pamadutsa zinthu zitatu zosayenera kukumana: moto wa petulo woyaka m'silinda, madzi oziziritsa injini, ndi oyilo wopita kumtunda kukafewetsa zitsulo. Chilichonse chili ndi njira yake, ndipo gasiketi ndiyo imatseka malire a njirazo. Ikang'ambika pena pake, mpweya wamoto umalowa m'madzi, madzi amalowa m'silinda kapena m'oyilo, ndipo pamenepo anthu amati gasiketi yapsa.

Zizindikiro zake sizivuta kwa munthu watcheru. Madzi amatha mu radiyeta popanda pamene akudontha. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosaleka ngakhale injini itatentha kale. Oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo m'madzi mumatuluka thovu injini ikamalira. Komatu chizindikiro chimodzi pachokha sichikwanira, pakuti galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi nayonso imasonkhanitsa chinyezi choyera pansi pa chotsekera oyilo pamene gasiketi ili bwinobwino. Makaniki wosamala amayamba wayeza mphamvu ya mpweya m'silinda iliyonse. Masilinda awiri oyandikana akapezeka ofooka pamodzi, kawirikawiri gasiketi imakhala yang'ambika pakati pawo. Palinso mankhwala obiriwira ngati thambo amene amaikidwa m'kabotolo pakamwa pa radiyeta, ndipo amasanduka achikasu ngati mpweya wa m'silinda ukufika m'madzi. Chenjezo ndi lakuti chotsekera radiyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, chifukwa madzi owira amathovokera kumaso.

Triumph Stag inapangidwa mu mzinda wa Coventry kuyambira mu 1970 mpaka mu 1977, ndipo zonse pamodzi zinali pafupifupi 26,000. Maonekedwe ake anajambula ndi Giovanni Michelotti wa ku Italy. Inali ndi mipando inayi, denga lochotseka, ndi injini ya masilinda asanu ndi atatu oikidwa m'mizere iwiri yopendekeka ngati lemba la V, ya malita atatu. Injini yotere ili ndi mitu iwiri, motero magasiketi ake ndi awirinso. Inaonekera ngakhale mu kanema wa James Bond wa 1971, Diamonds Are Forever. Koma mbiri ya kutentha kwa injini yake inafala msanga, ndipo pofika mu 1973 inali italeka kugulitsidwa ku America. Eni ake ambiri anatopa nazo, nazula injiniyo n'kuikamo ya Rover kapena ya Ford.

Kodi cholakwa chinali gasiketi? Ayi ndithu. Buloko ya Stag ndi yachitsulo, pamene mitu yake ndi ya aluminiyamu. Zitsulo ziwirizi zikatenthedwa sizifutukuka mofanana: aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha buloko. Kutentha kukakhala kwa muyezo, gasiketi imapirira kusiyanako. Kukapyola muyezo, mutu umapindika pang'ono, mwina mochepa kuposa kukhuthala kwa pepala, ndipo mpata umenewo ndi wokwanira kuti moto upeze podutsa.

Tsono zotenthetsa injiniyi zinalipo zingapo. Pampu ya madzi inaikidwa pamwamba, pakati pa mizere iwiri ya masilinda, kotero kuti madzi akangotsika pang'ono pampuyo inkazungulira mumpweya osakankha kanthu. M'mabuloko ena munkatsalira mchenga wa kufakitale, umene pambuyo pake unkatseka timipita ta radiyeta. Chinanso n'chakuti aluminiyamu ndi chitsulo zikamakhala m'madzi amodzi, aluminiyamu amadyeka. Choletsa kudyekako ndi mankhwala osakaniza m'madzi otchedwa antifreeze, amene ambiri ankaganiza kuti ndi a nyengo yachisanu yokha. Maganizo omwewo alipo ngakhale kuno kwathu kumene madzi saundana m'galimoto, ndipo woyendetsa amangothira madzi a pamjigo nanyamuka. Pakuti magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi mitu ya aluminiyamu, zimene zinaonekera Stag sizili kutali ndi minibasi yokwera mtunda wa ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala.

Ntchito yokonza imayamba injini itazizira kotheratu. Amachotsa waya wa batire, nakhetsa madzi ndi oyilo, kenaka n'kumasula makabuleta ndi mapaipi onse ogwira kumutu. Pa Stag, mutu uliwonse uli ndi camshaft yake pamwamba, yoyendetsedwa ndi tcheni. Asanamasule giya ya tcheniyo, makaniki amazunguza injini kufikira zizindikiro za nthawi zitalunjikana, ndipo giyayo amaisiya itagwiridwa kuti tcheni isalumphe dzino. Ichi si chinthu chochitira mphwayi, chifukwa mu injini imeneyi nthawi ikasokonekera mapisitoni amagunda mavavu.

Pamene pagona ntchito yeniyeni ndi pochotsa mutu. Mutu wa Stag umagwidwa ndi mizere iwiri ya zomangira. Mzere wina ndi wa mabawuti olowa molunjika. Winawo ndi wa zitsulo zazitali zamazinga, zimene amakaniki amati masitadi, zolowa mopendekeka. Anazipendeketsa dala kuti sipanala izitha kufika pa manati popanda kuchotsa camshaft. Pa pepala nzeruyo inali yabwino. Koma chifukwa cha kupendekekako mutu sungakwezedwe masitadi akadali m'malo. Ayenera kuyamba atuluka onse. Ndipo chitsulo chimene chakhala zaka makumi m'kati mwa aluminiyamu chimagwirana naye ndi dzimbiri, ngati kuti zinawotchereredwa pamodzi. Apa ndi pamene munthu wopupuluma amawonongera katundu. Akatenga chezulo n'kuikhomera pakati pa mutu ndi buloko, amasiya mabala pa aluminiyamu amene gasiketi yatsopano sidzatha kutseka. Odziwa ntchitoyi amathira mafuta osungunula dzimbiri m'mbali mwa sitadi iliyonse, nadikira masiku angapo, akuyesa pang'onopang'ono ndi manati awiri omangirizana. Zikakanika, pali chida chapadera chokankhira mutu m'mwamba mofanana mbali zonse, ndipo nthawi zina sitadi yokanikayo imadulidwa mutu utangokwera pang'ono. Ntchito imene pa injini ina imatha m'mawa umodzi, pa Stag ikhoza kudya mlungu wathunthu.

Mutu ukatsika, gasiketi yakale siyenera kutayidwa msanga, pakuti ndi mboni. Pamene yapsa pamasonyeza mbali imene panali vuto. Silinda imene munkalowa madzi imaonekanso yoyera kuposa zinzake, chifukwa nthunzi imatsuka mwaye wa pa pisitoni.

Kenaka mutu umayezedwa. Amaugoneka chagada, naika chitsulo chowongoka bwino m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, n'kumalowetsa pansi pake timasamba tachitsulo toyezera mpata. Mpata ukaposa umene buku la galimotoyo limalola, mutu umapita ku makina kukapalidwa, ndipo kumeneko n'koyenera kuti auyezenso ngati uli ndi ming'alu yosaoneka ndi maso. Kupala kuli ndi malire ake. Mutu ukapalidwa kwambiri umatsika, tcheni imakhwepa, ndipo pa injini ya V chipaipi cholowetsa petulo chimene chimakhala pakati pa mitu iwiri chimaleka kukhala bwino. N'chifukwa chake pali magasiketi okhuthala opangidwira mitu imene inapalidwa kale. Ngakhale itapsa mbali imodzi yokha, kutsegula mitu yonse iwiri n'kwanzeru, popeza kutentha kumene kunapinda wina sikunalambalale mnzake. Matcheni a Stag nawonso amadziwika ndi kutanuka msanga, motero ambiri amasintha nthawi yomweyo injini ili chitsegulire.

Pobwezera, ukhondo ndiwo umalamula. Nkhope ya buloko ndi ya mutu ziyenera kukhala zoyera ndi zouma, zopanda kachidutswa kalikonse ka gasiketi yakale. Mabowo a mabawuti amapukutidwa mpaka pansi, chifukwa madzi kapena oyilo wotsalira m'bowo amasowa kothawira bawuti ikamalowa, ndipo akhoza kung'amba buloko. Masitadi amapakidwa mafuta oletsa kugwirana, kuchitira chifundo makaniki wa mtsogolo. Kumanga kumayambira pakati kunka kunja, motsata ndondomeko ya m'buku, osati kamodzin'kamodzi koma m'magawo, ndi sipanala yoyeza mphamvu yotchedwa torque wrench. Alipo amakaniki amene amadzitama kuti mkono wawo umadziwa muyezo. Mkono sudziwa kanthu pa mutu wa aluminiyamu. Bawuti imodzi yothina kuposa inzake ndiyo chiyambi cha kupindika kwina.

Wosintha gasiketi n'kulekera pomwepo wangochita theka la ntchito, ndipo ndalama zake zidzapsa pamodzi ndi gasiketi yachiwiri. Chimene chinatenthetsa injini chikadali momwemo. Radiyeta iyenera kutsukidwa kapena kusinthidwa m'kati, buloko itsukidwe mpaka madzi atuluke oyera, pampu ionedwe, thermostat iyesedwe m'madzi otentha ngati ikutseguka, ndipo mapaipi ofewa ndi chotsekera radiyeta chotha mphamvu zichotsedwe. Eni ake a Stag ambiri lero amaika radiyeta yokulirapo, fani yamagetsi, ndi kathanki ka madzi pamalo okwera kuposa pampu. Ndi kusintha kumeneku injini yomwe inanyozedwa ija imayenda zaka zambiri osawira, ndipo ku Britain Stag yokhala ndi injini yake yeniyeni tsopano imafunidwa kuposa yoikidwa injini yachilendo.

Potsiriza amathira oyilo watsopano ndi sefa yatsopano, madzi osakaniza ndi antifreeze, nalizitsa injini chotenthetsera cha m'galimoto chili chotsegula kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Maso amakhala pa singano yosonyeza kutentha. Galimoto ikayenda mtunda umene buku limanena, imabwerera ku galaja, ndipo injini itazizira usiku wonse, manati ndi mabawuti a mitu yonse iwiri amamangidwanso ndi sipanala yoyeza ija, kuyambira pakati.