Ulendo wa ku Joni: Mwana Kumsana, Wina M'mimba

Mau a woyang'anira sukulu za kwacha kwa ophunzira a kumwera kwa Mzimba



Lero tikambirane za ulendo. Kuno ku Mzimba nkovuta kupeza mudzi wopanda munthu ku Joni. Kale azigogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela. Ulendo umenewo unaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana. Pambuyo pake anthu ankapita pa TEBA mpaka mu 1988. Masiku amenewo mwamuna ankapita yekha, mkazi nkutsala pamudzi. Tsopano zinthu zinasintha. Bambo amaimba foni nati, "Bwerani ndi mwana, tidzadyere kuno Khirisimasi." Ndalama za basi atumiza kale. Nkhani ndi yokoma. Koma nanga ngati mayiyo ali ndi mwana wa chaka chimodzi kumsana, ndiponso ali woyembekezera?

Ine sindikuletsa ulendo ayi. Banja liyenera kuonana. Koma tsiku lonyamuka lichokere m'buku la ku sikelo, osati pa tchuthi cha bambo. Bukulo kale munkangolisunga m'chikwama. Lero mungathe kuliwerenga nokha.

Tsegulani buku lanu. Anamwino analembamo tsiku limene akuyembekeza kuti mudzachire. Mimba imatenga masabata 40. Achipatala amati nthawi yabwino yoyenda ulendo wautali ndi kuyambira sabata la 14 kufikira sabata la 28. Miyezi itatu yoyamba mayi amachita nseru ndi kufooka. Miyezi yotsiriza thupi limalemera, ndipo mwana angathe kubadwa tsiku lisanakwane.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tinene kuti m'buku mwalembedwa 20 Febuluwale. Pa Khirisimasi mayiyu adzakhala pa sabata la 32. Nthawi yabwino ija yapita kale. Akakhala ku Joni milungu itatu, adzabwerera ali pa sabata la 35. Mwaona? Ambiri amawerenga tsiku lopita lokha, naiwala tsiku lobwerera. Mayi ameneyu ayenera kuyenda mu Seputembala kapena mu Okutobala, kuti pofika kumapeto a Novembala akhale ali pakhomo. Ngati zimenezi sizitheka, bambo ndiwo akwere basi. Msewu ndi womwewo.

Inu abambo ndi inu apongozi, nkhaniyi ndi yanunso, pakuti kuno kwathu mkamwana sanyamuka popanda mau anu. Musamuumirize chifukwa choti tikiti yagulidwa kale.

Mukasankha mwezi, pitani ku sikelo, kaya ku chipatala cha Mzimba boma, ku Embangweni, ku Katete kapena pa Jenda. Uzani anamwino poyera kuti, "Ndifuna kupita ku Joni pa tsiku lakuti." Iwo adzakupimani. Ngati magazi akuthamanga kwambiri, ngati ndi ochepa m'thupi, ngati muli ndi mapasa, kapena munatayapo magazi pa mimba yomweyi, angathe kukuletsani. Akaletsa, mverani. Akalola, pemphani mankhwala oonjezera magazi okwanira ulendo wonse, ndipo funsani za tsiku lomwera Fansidar, mankhwala oteteza mayi wapakati ku malungo. Amene mumamwa ma ARV, tengani okwanira ndi otsalako. Muwaike m'chikwama cha m'manja, chifukwa katundu wamkulu amakhala kunsi kwa basi kapena m'ngolo yake.

Buku la mwana muliwerengenso. Katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9, ndipo wachiwiri pa miyezi 15. Tsiku la katemera lisakupezeni muli kunja.

Tsono za msewu. Kuchokera ku Mzimba kukafika ku Johannesburg ndi makilomita oposa 2,000. Basi imadzera ku Jenda, Kasungu ndi Lilongwe. Mabasi ambiri amatulukira pa chipata cha Dedza, nalowa mu Mozambique, naoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete. Kenaka amalowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, nadutsa Harare ndi Masvingo, mpaka pa Beitbridge. Ukaoloka Limpopo wafika ku Musina, koma Joni akadali kutali. Ulendowu umadya masiku awiri, nthawi zina atatu. Malire ndi atatu, ndipo pa malire alionse mumatsika kukaima pa mzere mbali zonse ziwiri. Ku Tete kumatentha koopsa mu Okutobala ndi Novembala. Pa Beitbridge mu Disembala pamakhala khamu la anthu, ndipo munthu amatha kuima maola ambiri. Ganizani mayi wapakati pa mzere wotere, mwana akulira kumsana, chikwama kumanja.

Nchifukwa chake ndikuti musayende nokha. Pitani ndi mlamu wanu, mng'ono wanu kapena apongozi. Wina abereke mwana, inu mugwire mapepala. Ngati ndalama zilipo, lipirani mpando wina wa mwana, popeza pamiyendo panu pali kale mwini wake.

Basi ikaima, tsikani muyendeyende, ngakhale mwatopa. Mayi wapakati akakhala malo amodzi nthawi yaitali, magazi angathe kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo zimenezi ndi zoopsa. Amayi ena amakana kumwa madzi poopa kuvutitsa dalaivala kuti aime. Iyayi, imwani madzi. Dalaivala nayenso anabadwa kwa mayi. Madziwo akhale owiritsa kapena a m'botolo lotsekedwa bwino. Mukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023 kuno kwathu. Ku Zimbabwe nakonso anavuta mu 2023. Tengani sopo, matewera okwanira, zitenje, neti yogonamo, ndi mapaketi a Thanzi kuti mwana akatsegula m'mimba mumsungunulire msanga.

Pano ndiime pang'ono pa nkhani ya kutumbiza. Ndikudziwa kuti agogo amati mkaka wa mayi wapakati umadwalitsa mwana, ndipo ambiri amamsiyitsa bere tsiku lomwelo. Achipatala amati mayi wathanzi angathe kupitiriza kuyamwitsa, malinga iye akudya mokwanira. Pa ulendo, bere ndilo chakudya chaukhondo kuposa zonse. Silifuna moto, silifuna kapu. Ngati mwaganiza zomsiyitsa, kambiranani ndi anamwino, koma musayambe sabata la ulendo.

Zizindikiro izi muzisunge pamtima: kutaya magazi, kutuluka madzi, mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, kapena mwana kuleka kusewera m'mimba. Mukaona chimodzi mwa izi, musapirire kuti mukafike. Uzani dalaivala akusiyeni pa chipatala cha pafupi, ndipo onetsani buku lanu. Lembani papepala nambala ya foni ya bambo ndi ya wachibale wa kumudzi, poti foni imatha moto.

Za mapepala ndifulumire. Mwana ayenera kukhala ndi pasipoti yakeyake, ngakhale ali wakhanda. Yambani ndi chiphaso chake chobadwira, chimene chimachokera ku ofesi ya kalembera ya NRB kwa DC. Pasipoti mungafunsire ku ofesi ya Immigration ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Chiphaso chobadwiracho muchitenge pa ulendo pamodzi ndi pasipoti.

Mmalawi amaloledwa kucheza ku South Africa masiku 30 popanda visa. Pa Beitbridge akadinda pasipoti yanu, musaitseke msanga. Werengani tsiku limene alemba pa chidindo, chifukwa ndilo tsiku lanu lotsiriza. Kuyambira mu 2014, munthu wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ena mpaka zaka zisanu. Ndipo amene akuganiza zokachirira komweko adziwe kuti mwana wobadwira ku South Africa kwa makolo a ku Malawi sakhala nzika ya kumeneko chifukwa cha kubadwirako kokha. Adzafunanso mapepala ake kuti abwere kuno.

Ena mwa inu muli ndi ana otha kukulipirirani ndege. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg ndi maola ngati awiri ndi theka. Koma makampani ambiri a ndege amafuna kalata ya dokotala mimba ikapitirira masabata 28, ndipo amakana mayi amene wafika masabata 36. Funsani musanagule tikiti. Ena mumangopita pafupi, kwa abale ku Lundazi. Dzerani pa chipata cha Mqocha ndi mapepala anu, ndipo mabuku onse awiri a ku sikelo musawasiye.

Sabata la mawa, aliyense amene ali ndi buku la ku sikelo, lake kapena la mwana, abwere nalo m'kalasi. Alangizi anu abwera ndi kalendala, ndipo mudzawerenga masabata pa bolodi mmodzimmodzi. Abambo, inunso mudzagwira choko.