Kudziwa Tanthauzo la Liu Poona Mau Otsutsana Nalo

Nkhani yathu lero ikukhudza mwana amene akuwerenga, nakumana ndi liu limene sanalimvepo chibadwire. Kodi mwana wotere achite chiyani? Ambiri amaima pomwepo nkutaya mtima, ndipo ena amathamangira ku dikishonale. Komatu m'chipinda cha mayeso a MSCE salowamo ndi dikishonale, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Nchifukwa chake mwana ayenera kuphunzitsidwa kufufuza tanthauzo m'chiganizo momwemo. Njira imodzi yodalirika ndiyo kuyang'ana mau otsutsana ndi liu lachilendolo.

Kuti timvetse bwino njirayi, tiyeni titenge zitsanzo zathu m'boma la Mangochi, kumene mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malawi nkukalowa m'nyanja ya Malombe. Ana ambiri a kumeneku amayankhula Chiyao pakhomo. Chichewa, chimene chinasankhidwa mu 1968 kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, chimakhala chachiwiri, ndipo Chingerezi chimadza chachitatu. Motero mwana wa ku Makanjira, ku Malindi kapena ku Monkey Bay amakumana ndi mau achilendo kawirikawiri kuposa anzake ambiri. Koma mwana yemweyu ali ndi chuma chimene mphunzitsi sayenera kuchinyoza. Iye amaudziwa mwera, mphepo ya m'miyezi yozizira imene imautsa mafunde mpaka asodzi kukokera mabwato kumtunda. Amaudziwanso mpoto, umene umaomba m'nyengo ya dzinja kuchokera mbali inayo. Munthu akangodziwa kumene mwera uchokera, safunikanso kuuzidwa kumene mpoto uchokera, pakuti kumwera ndi kumpoto nkoyang'anizana. Nzeru yomweyi ndiyo tifuna ilowe m'kalasi.

Choyamba, aphunzitsi, aphunzitseni ana kuzindikira mau amene amachenjeza kuti ganizo likutembenuka. M'Chichewa mauwo ndi monga koma, ngakhale, m'malo mwa, ndi kusiyana ndi. M'Chingerezi ndi monga but, although, unlike, whereas ndi instead of. Lembani pabolodi chiganizo ichi: “In the morning the lake was calm, but by noon it was turbulent.” Mwana wa Fomu 1 sangalidziwe liu lakuti turbulent, koma liu lakuti calm amalidziwa, ndiye kuti bata. Tsono mufunseni kuti, “Nyanja ikasiya kukhala bata imatani?” Mwana wa kunyanja sangachedwe kuyankha kuti imawinduka. Apo ndiye kuti tanthauzo walipeza yekha, ndipo chimene munthu wapeza yekha sachiiwala msanga.

Chitsanzo china chichokere ku Malombe. M'zaka za m'ma 1980 asodzi a m'nyanja imeneyi ankapha chambo chochuluka, koma pofika m'zaka za m'ma 1990 nsombayi inali itachepa kwambiri chifukwa cha kuipha mopyola muyeso. Tsono lembani kuti: “Chambo was once plentiful in Lake Malombe, but now it is scarce.” Liu lakuti plentiful likufanana ndi plenty, limene ana amalidziwa kale. Kenaka pali but. Nanga scarce angakhale chiyani ngati si kusowa? Taonani kuti mwanayo waphunzira liu latsopano, ndiponso wamva mbiri ya nyanja ya kwao.

Chachiwiri, aonetseni ana kuti nthawi zina kutsutsana kumakhala m'kati mwa liu lenilenilo. M'Chichewa timati kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula, kuyala ndi kuyalula. Kachidutswa kakumapeto kaja, -ula, kamabweza m'mbuyo ntchito imene inachitika. Chingerezi chimachita zomwezo, koma chimaika kachidutswako kumayambiriro, monga tie ndi untie, load ndi unload, obey ndi disobey. Mwana amene waonapo katundu akukwezedwa ndi kutsitsidwa m'sitima ya Ilala pa doko la Monkey Bay sangavutike ndi load ndi unload, bola mphunzitsi amukumbutse zimene maso ake anaona.

Chachitatu, ndipo ichi nchofunika koposa, achenjezeni ana kuti njirayi ili ndi mbuna zake. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kupinda nsalu tonse timakudziwa, koma kupindula sikutanthauza kutambasula nsaluyo, ndi nkhani ya malonda. M'Chingerezi namonso muli liu lakuti invaluable, limene limaoneka ngati likunena chinthu chachabechabe, chikhalirecho likunena chinthu cha mtengo wosaneneka. Loopsa kwenikweni ndi inflammable. Mwana akaliona pa mgolo wa petulo wa injini ya boti, angaganize kuti za m'katimo sizigwira moto, pamene liulo likuchenjeza kuti moto ungabuke mosavuta. Apa kulakwitsa kungapsetse nyumba, ngakhale kutayitsa moyo.

Mbuna ina ndi iyi: mau otsutsana amaloza njira, koma safikitsa munthu pakhomo penipeni. Tikanena kuti madzi si otentha, mwina ndi ofunda, mwinanso ndi ozizira. Choncho mwana akaganizira tanthauzo, alibwezere m'chiganizo muja, awerenge ndime yonse, aone ngati likugwirizana ndi nkhaniyo. Akapeza mpata pambuyo pake, atsimikize m'dikishonale. Pa Chichewa tili ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene bungwe la Centre for Language Studies la ku Zomba linatulutsa mu 2000.

Ntchito imeneyi sifuna ndalama kapena zipangizo zodula. Choko, bolodi ndi mphindi khumi pa phunziro lililonse nzokwanira. Agaweni ana awiriawiri, wina alembe chiganizo chokhala ndi liu lovuta pamodzi ndi lotsutsana nalo, mnzake apeze tanthauzo ndi kufotokoza chimene chamuthandiza. Inunso makolo, ngakhale Chingerezi simuchidziwa, madzulo mukamasoka ukonde kapena kuyanika usipa pathandala, mfunseni mwana mau otsutsana ndi kuya, kuyandama, kukocheza. Mukatero mukunola nzeru imene adzaigwiritse ntchito tsiku la mayeso.

Kwa lero tilekeze pomwepa.